Komiti Inandifunsa Ngati Ndinakuwa

Moni nonse, amene mwabwera mwa kufuna kwanu ndi amene mwachita kukokedwa ndi amayi anu. Dzina langa ndine Esnart. Ndinabadwira ku Mushili ku Ndola, makolo anga anachokera kum'mawa, ku Katete. Ndamwa mowa wa mtundu uliwonse umene umapezeka ku Kopala kuno, kudera la migodi ya mkuwa, ndagona m'selo, ndavala yunifomu ya kundende. Ena mwa inu mukununkha za dzulo, fungo lake likundipeza pano pomwe ndaima, ndipo sindikukusekani chifukwa ndikulidziwa bwino. Koma ngati pali amene akuyembekezera kuti ndigwetse misozi ndi kunena kuti zonse zinali chifuniro cha Mulungu, chitseko ndi icho. Ine ndidakali wokwiya, ndipo ndikamba monga munthu wokwiya.

Atate anga anali owotcherera zitsulo, amayi ankagulitsa tomato pamsika. Kwathu kunali kwa mapemphero, ndipo ine ndinali wa kwaya kuyambira ndili mwana. M'banja lonse ndine ndinayamba kufika ku koleji. Ndinabwera kuno ku Kitwe kudzaphunzira zamagetsi, atsikana tinali owerengeka m'kalasi yodzaza amuna. Dzina la kolejiyo sinditchula. Sikuti ndikuiopa, koma mukalimva mudzati vuto ndi la sukulu imodzi chabe.

Kumeneko ndinakumana ndi Kelvin. Anali patsogolo panga ndi chaka chimodzi, ndiye ankatsogolera nyimbo pa mapemphero a ophunzira. Anandifunsira, ndinalola kukhala chibwenzi chake. Ndinamuuza poyamba pomwe kuti za kugonana ayi mpaka ukwati. Iye anati, "Ndicho chifukwa chake ndakusankha," ndipo anandigwira dzanja n'kupemphera.

Loweruka lina masana anandiimbira foni kuti wadwala malungo, sanadye kanthu chiyambire m'mawa. Ndinaphika mpunga ndi nyemba, n'kupita nazo ku hositelo ya anyamata. Nditalowa, mnzake wogona naye ananyamuka n'kutuluka. Kelvin anadzuka pabedi ngati munthu wopanda malungo, anakhoma chitseko, kiyi n'kuika m'thumba.

Zimene zinatsatira sindikufotokozerani, si filimu. Chimene ndikufuna mumve ndi ichi: ndinakana. M'Chinyanja ndinati sindifuna. M'Chibemba ndinati nshilefwaya. Ngakhale m'Chizungu chake chimene ankachikonda ndinamuuza. Ndinamukankha mpaka manja anatha mphamvu. Kenako thupi langa linauma ngati chikuni, mawu anakanirira pakhosi. Sindinakuwe. Atatha anati, "Usalire iwe, si ndidzakukwatira?" Ndipo anakhala pansi n'kudya mpunga uja.

Ndinakasamba, ndinasambanso, zovala ndinachapa. Ndinakhala chete masiku angapo mpaka Mwansa, mtsikana amene ndinkagona naye chipinda chimodzi, anandipanikiza. Atamva anandigwira dzanja n'kunditengera kwa ametironi.

Ametironi anatseka chitseko n'kutsitsa mawu. "Mwana wanga, za pa sukulu zimathera pa sukulu. Kupolisi akakuvula pamaso pa anthu, ndipo dzina la koleji lidzaipa. Tili ndi komiti yoweruza milandu. Idzakuthandiza."

Ndinawakhulupirira. Ndinali ndisanakwanitse zaka 20, ndipo iwo anali msinkhu wa amayi anga.

Tsiku la komiti Mwansa anamubweza pakhomo. Anati nkhaniyi ndi yachinsinsi. Ndinalowa ndekha. Mkati munali azibambo atakhala kuseri kwa tebulo lalitali, ndi mayi mmodzi kumapeto. Mpando wanga anauika pakati pa chipinda ngati wa munthu wometedwa. Zonse zinali m'Chizungu, ndipo Chizungu cha munthu wamantha mukuchidziwa mmene chimathawira.

Atcheya anayamba. "Anakukokera m'chipindamo?"

"Ayi, ndinapita ndekha ndi chakudya, chifukwa anati..."

"Unapita wekha. Chabwino. Ndi chibwenzi chako?"

"Inde, koma ndinamuuza kuti..."

"Yankha inde kapena ayi. Unakuwa?"

"Ndinamuuza kuti sindifuna."

"Funso langa ndi lakuti, unakuwa?"

"Ayi."

Anatsamira kumbuyo n'kuyang'ana anzake. "Hositelo yodzaza anyamata, Loweruka masana, palibe ndi mmodzi yemwe anamva kanthu."

Mphunzitsi wina, amene ankandiphunzitsa masamu, anati, "Komanso tisaiwale mwambo. Mtsikana woleredwa bwino savomera ndi pakamwa. Akati ayi, mwamuna amadziwa yekha." Ena anaseka. Anaseka, ine ndili pomwepo.

Mayi uja ndiye anafunsa kuti, "Kodi malamulo athu amati kulola ndi chiyani?" Atcheya anatsegula kabuku ka malamulo a koleji. Anapeza lamulo la zitofu za m'hositelo, la masiketi aafupi, la mowa, la alendo. La kulola munalibe. Pamenepo anayamba kutsutsana okhaokha ngati ali pa bala. Wina akuti kulowa m'chipinda ndiye kulola. Wina akuti ayi, koma kukhala chete ndiye kulola. Wina akuti ngati palibe mabala palibe mlandu. Aliyense anali ndi lamulo lake la m'mutu, lochokera kumudzi kwawo kapena kwa mkazi wake. Ine ndikati ndiyambe kufotokoza, ankandidula. Ndinatuluka m'chipindamo ndisanakambe nkhani yanga kuchokera poyamba kufika pomaliza ngakhale kamodzi.

Komiti inamuitana Kelvin tsiku lina, ine kulibe. Ndinapita kwa atcheya kukafunsa kuti wanena chiyani. Anati, "Si nkhani yako." Si nkhani yanga! Pambuyo pake ndinamva kwa mnzake kuti sanakhalitse m'menemo. Anangomufunsa ngati mtsikana analowa m'chipinda chake, iye n'kuti inde. Palibe anamufunsa kuti, kodi anakana? Kodi chitseko unakhomeranji? Mwina akananama, sindikudziwa. Koma akananama ine ndikumuyang'ana m'maso.

Chigamulo anachimata pa bolodi pamene aliyense amawerenga. Mayina athu awiri, limodzi pansi pa linzake. Tonse atichotsa kwa chaka chimodzi chifukwa chophwanya lamulo la alendo. Mawu oti kugwirira sanalembedwe paliponse. Chaka chitatha Kelvin anabwerera n'kumaliza maphunziro ake. Ine amene ankandilipirira fizi anasiya, ati sathandiza atsikana opanda khalidwe.

Kunyumba atate anasiya kundilankhula. Amayi anandifunsa funso limodzi lokha: "Unakatani ku chipinda cha mwamuna?" Ku tchalitchi abusa anandichotsa mu kwaya n'kundikhazika pa benchi ya kumbuyo kuti ena atengerepo phunziro.

Kuchokera apo nditsetsereke mwachangu, chifukwa ndi mmene zinayendera. Ndinachoka ku Mushili, ndinadzakhala ku Ipusukilo kuno ku Kitwe kwa msuweni wanga. Ndinapeza ntchito pa bala. Botolo loyamba linandigonetsa tulo timene ndinali nditatisowa miyezi yambiri, ndipo ndinati ndapeza mankhwala. Mowa wa m'botolo utayamba kuchepa mphamvu ndinalowa shekisheki, mowa wamasese uja wa m'mapaketi, kenako kachasu, uja kuno timati lutuku. Ndinkamwa ndisanatsuke mkamwa. Ndinagulitsa pulayala, tesita, mabuku, zida zonse za kukoleji. Msuweni anandithamangitsa nditamubera ketulo. Ndinkagona kuseri kwa kauntala. Ndinkatukwana aliyense wovala tayi.

Atate atamwalira ndinafika kumanda nditaledzera. Abusa ali mkati molalikira, ndinakuwa kuti, "Inu muli ndi mabenchi angati a kumbuyo?" Ndinakuwa ndithu tsiku limenelo, manda onse anamva. Anyamata anandinyamula n'kukanditaya kunja kwa mpanda, ndipo dothi pa bokosi la atate anga sindinaponye. Amayi anandiyang'ana ngati galu wa kwa eni.

Mwina mukuganiza kuti apo ndiye pansi. Ayi, pansi panali patsogolo.

Lamlungu lina masana bala inadzaza anthu oonera mpira. Panali mwamuna wina amene anaphunzira pa koleji ija. Anandiyang'anitsitsa n'kuyamba kuseka. "Si iwe uja wa pa bolodi? Uja amakana atalowa kale?" Anandigwira m'chiuno n'kundikokera kwa iye. Ndinamukankha, anandisiya, anatembenuka kuti auze anzake nkhaniyo. Pamenepo ndinatenga botolo, ndinaliswa pa tebulo, n'kumucheka nalo kumaso. Diso linapulumuka mwamwayi, koma tsaya linang'ambika mpaka kukhutu. Ndinachita ndine, palibe anandigwira dzanja.

Apa ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa moyo wanga unakhotera pamenepa.

Ananditengera kupolisi, kenako kukhoti. Ndinalowa m'kabokosi ka oimbidwa mlandu thupi likunjenjemera chifukwa chosowa mowa. Ndinkadziwa zimene zikubwera, tebulo lina lalitali, azibambo ena oseka. Ndinali nditakonzeka kuwatukwana.

Amajisitireti anali bambo wachikulire, wotopa, wa chifuwa chosatha. Sanandimwetulire, sanandimvere chisoni. Womasulira anatembenukira kwa ine n'kuti, "Khoti likufunsa kuti mukufuna chinenero chiti, Chibemba, Chinyanja kapena Chizungu?"

Ndinayang'ana kumbuyo, ndimaganiza kuti akufunsa wina. Ndinati, "Chinyanja."

Anandiwerengera mlandu wanga, liwu ndi liwu, chimene akuti ndinachita, tsiku lake, malo ake, lamulo limene ndinaphwanya. Lamulolo linali lolembedwa, silinachokere m'mutu mwa munthu. "Mwamva? Mukuvomera kapena mukukana?" Ndinakana, chifukwa cha liuma.

Tsiku lozenga mlandu mwamuna uja anaima patsogolo panga, tsaya lili ndi ulusi. Anakamba zonse ine ndikumva. Palibe anandiuza kuti si nkhani yanga. Atamaliza, womasulira anati, "Muli ndi mafunso kwa mboniyi?"

"Ine?"

"Inu. Ndi ufulu wanu."

Ndinatembenukira kwa iye. Ndinamufunsa, "Unandigwira m'chiuno kapena sunandigwire?"

Anayamba kuzungulira, ati pa bala anthu amacheza, ati mpira unali utatentha. Amajisitireti anakweza mutu. "Yankhani funso limene mwafunsidwa."

"Ndinamugwira, koma mocheza chabe."

"Ndinakulola?"

Anayang'ana pansi. "Ayi."

Ndinaona cholembera cha amajisitireti chikuyenda. Ayi ameneyo analembedwa m'buku la boma.

Itafika nthawi yanga, ndinayambira kutali. Ndinayambira pa mpunga ndi nyemba. Wozenga mlandu wa boma anaimirira, ati zimenezi sizikukhudza mlandu uno. Amajisitireti anakhosomola, n'kunena osakweza mawu, "Musiyeni amalize. Zosafunika ndichotsa ndekha."

Ndinakamba. Za kiyi, za ametironi, za mpando wa pakati pa chipinda, za bolodi, za kumanda. Ndinkayembekezera kuti wina andidula, palibe anandidula. Ndinakamba mpaka mawu anatha okha. Womasulira anafunsa, "Pali china?" Ndinati palibe.

Anandipeza wolakwa. Anati munthuyo analakwa kundigwira, koma ndinamucheka atandisiya kale, ndipo kupsa mtima si chilolezo chong'amba nkhope ya munthu. Anandipatsa miyezi ya kundende. Sindinadandaule ndipo mpaka pano sindidandaula. Ndinamva mlandu wanga, ndinaona wondineneza, ndinamufunsa, ndinayankha, ndinalangidwa.

Koma tamverani chimene chinandiwotcha ndili m'galimoto yopita kundende. Ine wocheka munthu ndi botolo, chidakwa cha ku Ipusukilo, anandipatsa zonsezi. Ine mwana wa sukulu, wolakwiridwa, wopita ndekha kukadandaula, sanandipatse ngakhale chimodzi. Zinatengera magazi a munthu kuti wina andimvere mpaka kumapeto. Musandiuze kuti ndisakwiye.

Kundende kulibe bala. Masabata oyamba ndinkasanza, ndinkaona tizilombo pakhoma, akaidi anzanga ankandigwira miyendo. Mutu utayera, kunabwera anthu ophunzitsa akaidi za malamulo. Ndinakweza dzanja n'kufunsa mayi wina wa gululo, "Lamulo limati kulola ndi chiyani? Munthu ayenera kukuwa?"

Anati, "Lamulo silifunsa ngati unakuwa. Limafunsa ngati unalola. Ndipo kulola kochita kukakamiza, kuopseza kapena kwa mantha si kulola. Kugwirira ndi mlandu wa kupolisi ndi kukhoti. Komiti ya sukulu ingachotse munthu sukulu, koma singalowe m'malo mwa khoti."

"Ndiye ndikatuluka ndikamumangitse?"

Sanandinamize. Anati ndikhoza kukadandaula, koma papita zaka, sindinapite kuchipatala, zovala ndinachapa, umboni ndi wochepa. Khoti silimanga munthu popanda umboni, ngakhale Kelvin. Zinandiwawa ngati asidi. Koma ndinali nditaima m'kabokosi kaja ine mwini, ndipo ndinadziwa chifukwa chake zili choncho. Amene anandibera mlandu wanga si khoti. Ndi aja ananditsekera njira yopita kumeneko umboni udakali wauwisi.

Nditatuluka ndinapeza amayi pageti. Ananyamula nsapato zanga zakale m'pulasitiki. Tili mu minibasi anati, osandiyang'ana, "Funso lija sindinayenera kukufunsa."

Manje za mmene ndinasiyira mowa, chifukwa ena mwabwerera zimenezo. Mowa sunachoke ndi pemphero limodzi. Ndinagwanso kamodzi, pa ukwati wa msuweni, ndinadzuka m'ngalande. Chimene chinandithandiza ndi zinthu zazing'ono zosasangalatsa. Ndinasiya kudutsa msewu wa bala ija, ndimazungulira ngakhale kutalike. Anzanga a botolo ndinawafufuta m'foni. Ndimabwera pa gulu lino la ofuna kusiya mowa ngakhale tsiku limene sindikufuna kuona nkhope zanu. Ludzu likandigwira ndimaimbira munthu ndisanafike pa kauntala, osati nditachokapo. Ndinalembetsa maphunziro a zamagetsi ku Mindolo kuno ku Kitwe, ndinakhala m'kalasi ndi ana aang'ono kwa ine, ndinamaliza. Lero ndimaika mawaya m'nyumba zatsopano, ndipo amuna amene amati mkazi sangakwere padenga amandigwirira makwerero.

Inu atsikana a m'makoleji, ndakuonani kumbuyoko. Zikakuchitikirani, Mulungu aletse, pitani kuchipatala tsiku lomwelo musanasambe, zovala musachape, kenako kupolisi. Uzani munthu mmodzi amene sangakugulitseni. Wina akakuuzani kuti za pa sukulu zimathera pa sukulu, dziwani kuti akuteteza chikwangwani cha pageti, osati inu. Mukaitanidwa ku komiti musalowe nokha. Funsani kuti lamulo limene akugwiritsa ntchito ndi liti, akuonetseni pamene lalembedwa. Funsani kuti mumve zimene winayo wanena. Akakudulani, nenani kuti sindinamalize, ndipo bwerezani mpaka atope.

Inu anyamata, musayang'ane pansi. Chibwenzi si chilolezo. Mbale ya chakudya si chilolezo. Munthu akauma n'kukhala chete sanalole, wachita mantha. Ngati simukudziwa, muli ndi pakamwa, funsani, ndipo yankho likakhala ayi tsegulani chitseko.

Koma ndili ndi mawu enanso kwa inu, amene amakwiyitsa azimayi anzanga. Chaka chatha mayi wina wa ku Ndola anabwera kwa ine ndi mwana wake wamwamuna. Mtsikana anamuneneza, nkhani inafalikira m'mafoni, koleji yake inachita mantha. Anamuchotsa sabata lomwelo, osamuuza kuti akuti anachita chiyani, liti, kuti. Ndinapita naye kukagogoda ku maofesi kuti amumve. Azimayi ena anandizonda, kudana nane ndithu, ati, "Iwe Esnart, iweyo, ukuperekeza wogwirira?" Ndinati sindikudziwa ngati anachita. Koleji nayonso sikudziwa, chifukwa sinamufunse. Ngati anachita, afunsidwe bwinobwino, zioneke poyera, alangidwe mokwanira. Komiti imene imataya mnyamata osamumva ndi yomweyo imene inataya ine osandimva. Imangoyang'ana kumene mphepo ikuwombera. Sindidzaiombera m'manja chifukwa choti lero yaluma wina.

Ndimalize ndi za mwezi watha. Kunabwera bambo wina kunyumba kwanga, mkulu wa mpingo wina wa ku Ndola, jekete lake lositasita. Anati watumidwa ndi Kelvin. Mpingo ukufuna kumuika Kelvin kukhala mkulu wa mpingo, ndiye akufuna ayambe ndi mtima woyera. Akupempha kuti ndimukhululukire pa zonse zimene zinachitika pakati pathu.

Ndinati, "Zinachitika? Ngati mvula?"

"Mayi, zakale ndi zakale. Mawu a Mulungu amati tikhululukirane."

"Wakuuzani kuti anachita chiyani?"

Anakanda m'mutu. "Anangoti munali ana, munalakwitsa nonse."

Ndinati, "Bambo, mwayenda ulendo wautali, madzi akumwa ndikupatsani. Koma kamuuzeni kuti sindingakhululuke chinthu chimene mwini wake akuopa kuchitchula dzina. Abwere yekha, inu mukhalepo, amayi anga akhalepo, anene ndi pakamwa pake chimene anachita atakhoma chitseko. Akatero tidzakamba za kukhululuka. Asanatero, musabwerenso."

Anamwa madziwo n'kupita. Kelvin sanabwere, ndipo sindikumudikira.

Nditatseka chitseko tsiku limenelo ludzu la mowa linandigwira ngati kale. Kuseri kwa nyumba yanga kuli mayi wogulitsa kachasu, ndikatsegula zenera fungo limalowa. Ndinavala nsapato, ndinafika mpaka pakhomo. Kenako ndinazivula. Ndinakhala pansi pa simenti, ine ndi mkwiyo wanga, mpaka dzuwa linapendeka, ndipo tonse awiri sitinamwe.